Wakuba Amene Spider-Man Anamulekerera: Kuwerenganso Amazing Fantasy Nambala 15

Ambirife Spider-Man tinayamba kumuona pa chikwama cha mwana wa ku pulayimale, pa malaya a pa kaunjika, kapena m'filimu ya pa foni ya mnzathu. Timamudziwa ngati ngwazi yovala zofiira ndi zabuluu, yolendewera pa ulusi pakati pa nyumba zosanjikizana za mu New York. Koma ndi ochepa mwa ife amene anawerengapo nkhani yoyamba imene munthu ameneyu anaonekeramo. Nkhaniyo ili ndi masamba 11 okha, ndipo inatuluka ku America mu 1962 m'kabuku kotchedwa Amazing Fantasy nambala 15. Titaiwerenga, chimene chinatidabwitsa n'chakuti mulibe chilombo, mulibe mfiti ya sayansi yofuna kuwononga dziko, ndipo nkhondo yake ndi ya zithunzi zowerengeka. Nkhani yonse yagona pa kamphindi kamodzi pamene mnyamata wamphamvu anaima chilili osachita kanthu.

Kabuku kake ndi kotani

Amazing Fantasy ndi komiki, kutanthauza kabuku kofotokoza nkhani ndi zithunzi zondondozana m'timabokosi. Mawu a anthu amalembedwa m'timabaluni totuluka pakamwa pawo, pomwe mawu a wofotokoza nkhani amakhala m'kabokosi kapadera m'mphepete mwa chithunzi. Pachikuto pa nambala 15 panalembedwa mwezi wa Ogasiti 1962, ngakhale kuti kanayamba kugulitsidwa mu Juni, monga mwa chizolowezi cha magazini a ku America nthawi imeneyo. Mtengo wake unali masenti 12. Kanasindikizidwa ndi kampani ya Martin Goodman, imene lero timaidziwa kuti Marvel.

Mawu ake analemba ndi Stan Lee, amenenso anali mkonzi, ndipo zithunzi za m'kati anajambula ndi Steve Ditko. Chikuto anajambula ndi Jack Kirby, kenako Ditko anadutsamo ndi inki. Chikutocho chikuonetsa Spider-Man akuuluka pa ulusi atanyamula munthu kukhwapa, ndipo chimalonjeza nkhani ya chamuna chosagonjetseka. M'kati muli zina. M'kabuku komweko mulinso nkhani zina zitatu zazifupi za Lee ndi Ditko, zimene lero sizikumbukidwa kwenikweni.

Magaziniyi inali isakuyenda malonda. Nambala zapitazo zinkatuluka ndi dzina lakuti Amazing Adult Fantasy, ndipo nambala 15 inakhala yomaliza. Lee ankakonda kufotokoza kuti Goodman sanaifune nkhaniyi chifukwa anthu amanyansidwa ndi akangaude, komanso chifukwa wachinyamata sangakhale mwini nkhani. Maganizo achiwiriwa anali ndi maziko ake. M'makomiki a zaka za m'ma 1940 achinyamata ambiri ankakhala otsatira a ngwazi zikuluzikulu, monga Robin kumbuyo kwa Batman ndi Bucky kumbuyo kwa Captain America. Pamakhala munthu wamkulu wowauza chochita. Peter Parker, mwini nkhani yathuyi, alibe womuphunzitsa ungwazi. Zolakwa zake amazipeza yekha, ndipo mtengo wake amalipira yekha.

Nkhani yake mwachidule

Tsamba loyamba likutionetsa gulu la ophunzira a pa sukulu ya Midtown High akukonza zokavina. Wina akutchula dzina la Peter, anzake n'kuseka. Peter waima yekha chapatali, atavala magalasi, mabuku ali m'manja. Pakhoma kumbuyo kwake pali chithunzithunzi chachikulu cha munthu wodzitukumula, kangaude ndi ukonde wake. Tisanawerenge mawu ambiri, tadziwa kale kuti mnyamatayu ndi wosalidwa, ndiponso kuti m'kati mwake muli munthu wina amene akufuna kutuluka.

Kunyumba zinthu n'zosiyana. Peter amakhala ndi a Ben ndi a May Parker, anthu achikulire amene amamukonda ngati mwana wobala okha. Kabukuka sikanena za makolo ake. Nkhani za zaka zotsatira ndi zimene zinafotokoza kuti a Ben anali mkulu wa bambo ake a Peter. Choncho m'chinenero chathu a Ben si amalume ayi, koma bambo aakulu, ndipo a May ndi mayi aakulu. Mphunzitsi wa sayansi nayenso amamuyamikira Peter ndipo akumuuza kuti akalimbikira adzapeza thandizo la maphunziro apamwamba. Koma akaitana mtsikana wina dzina lake Sally kuti apite naye ku chionetsero cha sayansi, mtsikanayo akumukana n'kusankha Flash Thompson, katswiri wa masewera pasukulupo. Peter akupita yekha, akulira, akulumbira mumtima kuti tsiku lina adzawaonetsa.

Ku chionetseroko kangaude wina akudutsa m'cheza cha makina a atomiki, n'kuluma Peter pa dzanja. Ali pamsewu, galimoto ikufuna kumugunda, iye n'kudumpha mpaka kukamatirira pakhoma la nyumba. Akukwera mpaka padenga n'kufinya paipi yachitsulo ngati pepala. Apa n'pamene owerenga a 1962 ankayembekezera kuti mnyamatayu alumbira kuteteza ofooka. M'malo mwake Peter akuona chikwangwani cholonjeza madola 100 kwa aliyense amene angapirire mphindi zitatu m'bwalo ndi katswiri wogwetsana, Crusher Hogan. Akubisa nkhope poopa kusekedwa akalephera, n'kumugonjetsa mosavuta. Munthu wina wa pa wailesi ya kanema akumulonjeza chuma. Peter akudzisokera chovala, akudzipangira timakina tovala pamkono toponyera ulusi, n'kudzitcha Spider-Man. Posakhalitsa dzina lake lili m'manyuzipepala.

Tsiku lina atangomaliza chionetsero, wakuba akudutsa pafupi naye akuthamanga, wapolisi ali pambuyo akukuwa kuti amugwire. Spider-Man akungoyang'ana. Wakubayo akulowa m'chikepe n'kuthawa. Wapolisi akumufunsa chifukwa chake sanangomutchera mwendo, ndipo iye akuyankha kuti imeneyo si ntchito yake, anatopa n'kuponderezedwa, tsopano azisamala za iye mwini. Patapita masiku angapo, akufika kunyumba usiku n'kupeza galimoto ya apolisi pakhomo. Mbava yathyola nyumba n'kuwombera a Ben. Peter akuvala chovala chake, akuthamangira ku nyumba yakale yosungiramo katundu kumene mbavayo yabisala, akumata mfuti yake ndi ulusi, n'kuikomola ndi chibakera. Ataiyang'ana kumaso, akuzindikira kuti ndi munthu yemwe uja anamulekerera.

Kamphindi kamene kananyamula nkhani yonse

Tikaonetsetsa, Peter sanabe kanthu, sananame, sanamenye munthu wosalakwa. Bwalo la milandu silikanamupeza ndi mlandu. Cholakwa chake chinali kusatambasula mwendo. Olemba anaonetsetsa kuti tisamupezere chowiringula: munthu amene anakwera mlongoti atanyamula Crusher Hogan sakanaopa kambava kothawa, ndipo wapolisiyo ananena yekha kuti kungomuchedwetsa pang'ono kukanakwanira. Peter sanaope. Anangoona kuti sizikumukhudza.

Chimene chimapweteka n'chakuti maganizo amenewa tikuwamvetsa, chifukwa masamba oyambirira anatiika kumbali yake. Tinamuona akusekedwa ndipo tinamumvera chisoni. Atapeza mphamvu tinasangalala naye. Choncho pamene akunena kuti dziko silinamuchitirepo chabwino ndiye naye alibe nalo ngongole, mbali ina ya mtima wathu ikuvomereza. Nkhaniyi ikutitenga pang'onopang'ono mpaka kutiimika pakhonde lomwelo, pafupi ndi chikepe, manja ali m'chiuno.

Pali kachigawo kena kakang'ono kamene n'kosavuta kukadumpha. Wakuba uja atathawa, Peter akufika kunyumba, ndipo a Ben ndi a May akumupatsa maikulosikopu imene ankailakalaka. Iye akusangalala, n'kuganiza mumtima kuti anthu awiriwa okha ndiwo anamukomerapo mtima, choncho adzaonetsetsa kuti akhale osangalala, koma ena onse adzionere okha. Apa tikuona kuti Peter ndi mwana wachikondi ndithu. Vuto lake n'lakuti wajambula mzere kuzungulira nyumba yake n'kunena kuti za kunja kwa mzerewo si zake. Masamba otsatira akusonyeza kuti mzere wotero kulibe. Wakuba amene wadutsa pakhonde la anthu osawadziwa ndi yemweyo amene akudzalowa pakhomo pako. Akuluakulu athu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo nkhaniyi yachita kuutenga mwambiwo n'kuuika pa msana wa mwana wa sukulu.

Kabokosi komaliza kali ndi chiganizo chotchuka kwambiri m'makomiki onse, chonena za udindo umene umagwera munthu wopatsidwa mphamvu. Ambiri amene anaonera filimu ya 2002, yotsogoleredwa ndi Sam Raimi, amakhulupirira kuti mawuwo ananena ndi a Ben polangiza mwana wawo. M'kabuku ka 1962 sizili choncho. A Ben amangolankhula mawu ochepa a nthabwala za pakhomo, ndipo chiganizocho ndi cha wofotokoza nkhani, a Ben atamwalira kale. Kusiyanaku n'kwakukulu. M'filimu muli mwana amene anapatsidwa malangizo koma sanamvere. M'kabuku muli mwana amene palibe anamuchenjeza, chifukwa akuluakulu onse omuzungulira sankadziwa chimene wasanduka. Mphunzitsi ankaona mayeso ake, a May ankaona ngati wadya, koma mkwiyo umene unkakula mumtima mwake palibe anauona.

Dzanja la Ditko

Lee ankanena kuti poyamba anapereka ntchitoyi kwa Kirby, koma zojambula zake zinaoneka zachamuna kwambiri, ndiye anaipereka kwa Ditko. Kaya nkhani yonse inayenda motero kapena ayi, zotsatira zake tikuziona patsamba. Anthu a Ditko ndi owonda, a zala zazitali zopindika, a nkhope zodandaula. Peter ali ndi mapewa ogwa ndi maso aakulu kuseri kwa magalasi. Ngakhale atavala chovala cha Spider-Man sakuima mowongoka ngati Superman. Amanyonyomala, amakwawa, amapinda miyendo m'njira yosasangalatsa kuona, monga kachilombo kamene anatengera dzina.

Chovalacho chimaphimba nkhope yonse, zimene sizinali zofala. M'nkhaniyi chophimba kumasocho chinayamba chifukwa cha manyazi, pamene Peter ankaopa kusekedwa. Chimabisanso msinkhu wake, moti wapolisi amene akumudzudzula sakudziwa kuti akulankhula ndi mwana wa sukulu. Maso a chophimbacho ndi oyera mbee, opanda mboni. Koma pa chithunzi chimene Peter akuzindikira nkhope ya mbava, Ditko anaika timadontho tiwiri takuda m'maso oyerawo. Kwa kamphindi chovalacho chikulephera kubisa munthu, ndipo tikuona mwana wogwidwa ndi mantha. Patsogolo pang'ono chithunzi china chikumuonetsa atavula chophimbacho, akulira.

Kakonzedwe ka masamba nakonso kali ndi ntchito. Timabokosi tambiri ndi tating'ono, tothinana, ndipo nkhani imathamanga. Chithunzi chomaliza sichionetsa ngwazi itaima pamwamba pa nyumba anthu akuombera m'manja. Chikuonetsa kamunthu kakang'ono, katatifulatira, kakulowa mumdima wa msewu. Tsamba loyamba linali ndi mnyamata ali yekha ndi chithunzithunzi chachikulu cha zimene ankalakalaka kukhala. Tsamba lomaliza lili ndi mnyamata yemweyo atazipeza, akadali yekha.

Ndani kwenikweni anapanga Spider-Man? Funsoli linavuta kwa zaka zambiri. Ku Marvel wojambula ankapatsidwa mutu wa nkhani mwachidule, n'kukonza yekha mmene zochitika zitsatirane patsamba, ndipo mawu ankalembedwa pambuyo. Motero Ditko sanali wongokongoletsa nkhani ya mnzake. Iye anasiya ntchito ku Marvel mu 1966 atajambula nambala 38 za The Amazing Spider-Man, ndipo moyo wake wonse ankapewa atolankhani, pamene Lee anakhala nkhope ya kampaniyo. Onse awiri anamwalira mu 2018. Powerenga nambala 15, chilungamo n'kutchula mayina onse awiri.

Nthawi imene kanabadwira

Zinthu ziwiri za ku America wa nthawiyo zikuoneka m'masamba amenewa. Choyamba ndi mantha a atomiki. Mabomba a ku Hiroshima ndi Nagasaki anali ataphulika zaka 17 zokha m'mbuyomo, ndipo mu Okutobala 1962 dziko la America ndi Soviet Union anatsala pang'ono kumenyana pa nkhani ya mizinga ya ku Cuba. Cheza cha atomiki chinali chinthu chimene aliyense ankachimva koma ochepa ankachimvetsa, choncho olemba ankachigwiritsa ntchito ngati mankhwala osanduliza munthu. Hulk, amene anatuluka chaka chomwecho, anasandulika ndi bomba. A Fantastic Four a mu 1961 anasandulika ndi cheza cha mumlengalenga.

Chachiwiri ndi malamulo a makomiki. Mu 1954 dokotala wa maganizo, Fredric Wertham, anatulutsa buku lakuti Seduction of the Innocent, lonena kuti makomiki akuwononga ana. Chaka chomwecho komiti ya aphungu a Senate inakhala pansi kumva nkhaniyi, ndipo makampani anakhazikitsa bungwe lodziyang'anira okha lotchedwa Comics Code Authority. Kachidindo kake kali pakona ya chikuto cha nambala 15. Malamulo ake ankaletsa zithunzi za nkhanza yonyanya ndipo ankafuna kuti choipa chizilangidwa. M'nkhani yathuyi imfa ya a Ben sitikuiona. Tikuimva m'kamwa mwa wapolisi, pa nthawi yomwe Peter akuimva. Kusaonetsako kukuthandiza nkhaniyi, pakuti uthenga wa maliro umatipeza choncho, pakhomo, tikuchokera kwina. Mbava ikuperekedwa kwa apolisi itamangidwa ndi ulusi, monga malamulo ankafunira. Koma amene watsala ndi chilango chosatha ndi ngwazi.

Pamene kabukuka kakufooka

Sitinganene kuti masamba 11 amenewa ndi angwiro. Sayansi yake ndi yabodza: cheza chochuluka chimadwalitsa ndi kupha, sichipatsa munthu mphamvu, ndipo palibe mwana wa sekondale amene angapange ulusi wotero m'chipinda chake chogona. Mwayi wakuti mbava imodzimodziyo ikasankhe nyumba ya a Parker mu mzinda waukulu chotero ndi wochepa zedi, moti wowerenga akhoza kunena kuti olemba anachita kukokera. Atsikana a m'nkhaniyi alibe ntchito ina koma kuseka ndi kutsatira Flash. Anthu onse ojambulidwamo ndi azungu, ngakhale kuti mizinda ikuluikulu ya ku America inali ndi anthu a mitundu yambiri. A May, amene ataya mwamuna wawo, sitikuwaonanso pambuyo pa imfayo. Tikungomva kuti ali kwa anansi. Mawu a Lee nawo nthawi zina amabwereza zimene chithunzi chanena kale.

Palinso funso limene nkhaniyi sinaliyankhe. Kodi Peter akanamva chisoni mbavayo ikanapha bambo wa mwana wina? Mmene nkhaniyi yakonzedwera, iye wazindikira kulakwa kwake chifukwa chakuti tsokalo lagwera pakhomo pake. Koma kulekerera wakuba uja kunali kolakwa kuyambira pa mphindi imene chikepe chinatsekeka, ngakhale a Ben akanakhala ndi moyo mpaka ukalamba. Pamenepa wowerenga ayenera kupitirira pamene olemba anasiyira. Zambiri zimene timazilekerera sizibwerera kwa ife. Zimakagwera anthu amene sitidzawadziwa, ndipo sitidzaona nkhope ya mbava kuti tizindikire.

Chifukwa chake tikukawerengabe

Malipoti a malonda atafika, anapeza kuti nambala 15 yagulidwa kwambiri, ndipo mu Malichi 1963 Spider-Man anapatsidwa magazini yakeyake. Mu 2008 munthu wina wosafuna kutchulidwa dzina anapereka zojambula zenizeni za Ditko za kabukuka ku Library of Congress ku Washington. Mu 2021 kope imodzi yosungidwa bwino inagulitsidwa pa malonda opikisana mitengo pa madola 3.6 miliyoni. Kabuku ka masenti 12 kamene ana ankapinda n'kuika m'thumba tsopano kamasungidwa m'pulasitiki yomata, osatsegulidwa. Mwamwayi nkhaniyi yasindikizidwanso kambirimbiri m'mabuku osonkhanitsa nkhani zoyambirira za Spider-Man, ndipo kuiwerenga sikutenga mphindi 15.

Tikuganiza kuti ndi yoyenera mphindi zimenezo, makamaka kwa aliyense amene amakhala ndi ana, kaya m'kalasi kapena pakhomo. M'kalasi iliyonse muli Peter wake: mwana wokhoza bwino, wachete, wosavutitsa, amene aphunzitsi amamuyamikira ndipo anzake amamuseka. Timaganiza kuti ali bwino chifukwa malikisi ake ali bwino. Tsiku lina mwana ameneyu adzakhala ndi mphamvu, osati ya kangaude, koma ya digiri, ya chidindo cha mu ofesi, ya makiyi a chipinda cha mankhwala. Chimene adzachite nayo chikuumbidwa panopa, pa nthawi yopuma, pamene waima yekha pafupi ndi khoma. Tikamuphunzitsa sayansi yokha, tidzatulutsa munthu wodziwa kupanga ulusi koma wosaona chifukwa chotambasulira mwendo.

Ifenso tili pakhonde lomwelo kawirikawiri kuposa mmene timavomerezera. Timaona foni ya munthu ikusololedwa m'minibasi n'kuyang'ana pawindo. Timamva mnzathu wa m'chipinda akunyozedwa n'kupitiriza kuwerenga. Timakhala ndi zifukwa zomveka, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake ndi chofanana ndi cha Peter: nafenso pamene tinkavutika palibe anatithandiza. Lee ndi Ditko sanatsutse kuti mnyamatayu analakwiridwa. Anangosonyeza kuti kulakwiridwako sikunachepetse kulemera kwa zimene zinachitika pambuyo pake. Chikepe chija chinatenga masekondi ochepa kuti chitseke, ndipo Peter anali ataima pafupi, manja ali m'chiuno.